A Kaphale, Amene Ankafulatira Mtsinje

Chaka chakwana chiwaikireni m'manda alamu anga a Kaphale. Mowa wa bona tinaphika sabata yathayi, anthu anamwa nkubalalika, ndipo amene anaimirira kunena mawu anangoti anali mkulu wofatsa, wodziwa kusema mitondo. Basi. Wofatsa ndani? Ine ndinakangana nawo zaka zoposa makumi atatu, ndikuwadziwa. Nchifukwa chake ndakapempha kope kwa aphunzitsi kuti ndilembe ndekha. Zilembo ndinaziphunzira imvi zili kale m'mutu, ndipo zimayenda chammbali ngati nkhanu, koma dzanja limene lasula makasu a midzi yonse ya m'mbali mwa Kapoche silingagonje ndi pensulo. Ndine Gwaza wa kwa Banda, wosula zitsulo. Funsani kuyambira kuno mpaka ku Sinda, akuuzani. Akuuzaninso kuti ine ndikamanong'ona, a kutsidya amayankha. Zimenezo nzoona.

Ana obadwa posachedwapa akuwakumbuka a Kaphale motere: nkhalamba yoonda itakhala pa mwala kudooko, msana uli kumtsinje, kalilole wamng'ono atayedzekedwa pa chitsa patsogolo pake, thabwa lili pamiyendo. Akazi odzatunga madzi akawapatsa moni, ankayankha osacheuka, akuwaonera m'kalilolemo. Alendo owoloka ankandifunsa kuti, "Kodi akuluwa analodzedwa? Munthu angatsikire kumtsinje kudzaufulatira?" Ine ndinkawauza kuti apitirize ulendo wawo dzuwa lisanawathere. Sanalodzedwe. Chimene chinawakhazika chofulatira pa mwalapo, mbali ina ndine, ndipo ndinena.

Anabwera m'mudzi mwathu ngati mkamwini, ine ndevu zikungoyamba kumera. Anachokera kudziko la Apwitikizi, kumene mudzi wawo unabalalika ndi nkhondo, moti ukawafunsa za kwawo ankangoloza ndi mlomo. Anakwatira mlongo wanga NaBanda. Ankasema mitondo, zitseko, ndi timipando ta miyendo itatu. Mtengo sankausankha ndi maso. Ankabenthula kachidutswa, kununkhiza, nthawi zina kunyambita, kenaka nkunena kuti uwu ayi, udzang'ambika chaka chamawa. Akamasema sankafuna munthu woimba mluzu pafupi. Mawu awo anali osowa, asanu m'mawa, asanu madzulo, koma asanuwo ankasankha oluma. Tsiku lina ndinasula nkhwangwa yokongola, ndikuionetsa anthu pabwalo. Iwo anaitembenuza uku ndi uku nkundifunsa ngati ndaisulira kudula mtengo kapena kungouopseza. Ankanenanso kuti ine mivukuto ndili nayo iwiri, wina pa chipala, wina m'chifuwa, ndipo wa m'chifuwawo ndiwo supuma.

Msonkho wa nyumba utayamba kuluma, amuna ambiri anapita kumtengatenga, kukasenza akatundu a azungu kuchokera ku Tete kupita ku Boma. A Kaphale anapita nawo, koma anatsalira ku Tete komweko, kwa Mmwenye wina wasitolo amene anaona kuti amadziwa kukhoma mabokosi. Anakhalako mvula zitatu. Mlongo wanga anayamba kutchedwa mkazi wa mtchona. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yotamu, nthawi imeneyo nkuti akuyamba kumene kutsatira mbuzi.

Anabwerera opanda nsapato, opanda nsalu yoti nkuionetsa, koma ndi pepala limodzi lopindidwa m'nsungwi. Pepala limeneli ndaligwira kambirimbiri, ndipo lili pambali panga pano. Ndi lofewa ngati nsalu yakale, lamakwinya, chifukwa linabwera litakulunga makapu m'bokosi. Pali mtsinje wokhota. Pali amuna anayi akuwoloka, madzi ali m'chiuno, atavala zipewa zonga malichero, akatundu atapachika pa mtengo paphewa. Kutsidya kuli mtengo wa nthambi zolendewera ngati tsitsi lonyowa, ndi kanyumba ka udzu, ndi mayi ataima pakhomo, dzanja lili pamphumi kutchinga dzuwa. Patali pali phiri. Kumwamba mtundu wa buluu wayamba wakuda bii, nkumatha pang'onopang'ono mpaka kusanduka pepala chabe. Mbalame zilipo zitatu.

M'bokosimo a Kaphale anapezamo mapepala atatu ofanana ndendende, mpaka kachilema ka pa mwendo wa munthu wachiwiri. Zimenezi ndizo zinawaimitsa manja, pakuti munthu sangajambule katatu osasiyanitsa. Atapenyetsetsa kumwamba kwa chithunzicho anaona mitsempha ya mtengo, mizere ija imaoneka pa thabwa lopala bwino. Mmwenye uja anawauza kuti zimachokera ku Japani, dziko la kutsidya kwa nyanja zamchere. Kumeneko amasema chithunzi pa thabwa, kupakapo utoto, kusanjika pepala nkulikhula pamsana, ndipo mtundu uliwonse uli ndi thabwa lake. Anawauzanso kuti kwawoko zinthuzi nzosawerengeredwa, nchifukwa chake akukulungira makapu.

A Kaphale ankati atamuyang'ana mayi wa pakhomo uja masiku angapo, chakudya cha ku Tete chinaleka kukoma. Anapinda mkeka nkuuyamba wa kumudzi. Ine nditamva ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinati, "Alamu, mlongo wanga analira mvula zitatu, simunamve. Mwakamvera mkazi wa papepala wopanda ndi mphuno yomwe?"

Anati, "Wa papepalayo sanakuwe. Mwina nchifukwa chake."

Yotamu anakula, ndipo nkhondo ya Jeremani isanayambe anapita ku Walale, kum'mwera kutsidya kwa Zambezi, ndi anzake, kukafuna ntchito m'mafamu. Amene anamuloleza ndine, malume ake. Bambo ake sanafunsidwe, pakuti kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ndinamusulira mpeni wa paulendo, nkudulapo timizere titatu patsinde, chizindikiro changa. A Kaphale anamuperekeza mpaka kudooko, nkuima pansi pa mkuyu kufikira udzu wa kutsidya utamumeza. Chaka choyamba kunabwera bulangete. Chachiwiri moni wapakamwa. Kenaka zii. Aphunzitsi anatilembera makalata, koma kalata imafuna dzina la malo, ndipo ife tinkangodziwa kuti Walale. Obwerako ankati kumeneko anthu amasintha mayina, Yotamu angakhale Jemusi, angakhale Sikisipensi, ndani angamupeze.

Fuluwenza itabwera inatenga NaBanda m'masiku anayi. Mwambo wake mukuudziwa: mkazi akafa, a kuchikazi amamusudzula mwamunayo, kumumasula kuti abwerere kwawo. Abale anatuma ine. Ndinapita nditakonza mawu ambiri. Ndinawapeza akunola nsompho pakhonde.

Ndinati, "Alamu, takumasulani. Mukhoza kupita kwanu."

Anati, "Kuti?"

Anapitiriza kunola.

Anati, "Mwana akabwera adzawolokera apo. Mukandichotsa m'nyumba, ndikamanga pa dooko."

Ndinabwerera kwa abale nkuwauza kuti amene akufuna kuchotsa a Kaphale ayambe wadzisulira yekha khasu la chaka chino. Nkhani inathera pomwepo. Anakhala okha m'nyumbamo. Ankadziphikira okha, ngakhale akazi anga ankawatumizira chakudya. Mbale ankabweza yotsuka, koma kudzadya nafe pabwalo anasiya. Ankati chakudya chimatsika bwino pamene palibe munthu wofotokoza mmene anasulira nkhwangwa.

Chilimwe chotsatira anabwera ku chipala changa ndi nsungwi ija. Anayala pepala pa bondo. Anati akufuna timipeni tating'ono, kena kopindika ngati chikhadabo, kena kokumba kangalande, kena kosongoka ngati munga. Ndinafunsa kuti tantchito yanji. Anati asema dooko lathu. Adinda mapepala ambiri, ndipo mwamuna aliyense wopita ku Walale azitengako limodzi, azikaonetsa m'makomboni. Wosadziwa malowa adzangoona mtsinje. Yotamu, kaya akutchedwa ndani tsopano, adzaona kwawo, ndipo chakudya chidzaleka kumukomera.

Ndinati nzamisala, koma ndinasula. Ndikulemba apa kuti zidziwike: timipeni tonse timene tinasema zithunzi za a Kaphale ndinasula ndine, kuchokera ku nthiti za ambulera yakale ya aphunzitsi ndi masipoko a njinga. Palibe wina m'dziko lonse la Katete akanatha. Ngakhale zinali choncho, kampeni kosongoka kaja anandibwezera katatu. Koyamba anati kafewa. Kachiwiri anati kauma mutu ngati mwini chipala. Kachitatu ndinakaponya m'phulusa nkuwauza kuti akasulitse ku Japani. Anakatola, kukapukuta pa nsalu yawo, kukayesa pa chala, nkunyamuka nako. Ndi kampeni komweko kamene kanasema masamba onse a mkuyu.

Anasema zilimwe ziwiri. Thabwa linali la mlombwa, lopala mpaka kuterera. Nthawi imeneyo ankakhala choyang'ana kumtsinje monga munthu aliyense. Amene simunafikeko mumvetse apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ukaima pa dooko kuchokera kumudzi, mkuyu waukulu uli kudzanja lamanja, wapendekera pamadzi. Kumanzere kuli mwala wonga ng'ombe yogona, pamene akazi amachapira. Kuseri kwa mwalawo, patali, kuli phiri la nsonga ziwiri. A Kaphale anasema zonsezo monga momwe ankazionera, mkuyu kumanja, mwala kumanzere. Pamene sipafunika kuda anakumba, nkusiya mizere yokha itatukuka. Pa mwalapo anaikapo mkazi wowerama akuchapa. Analibe nkhope, koma aliyense anadziwa kuti ndi mlongo wanga chifukwa cha mapewa.

Utoto wakuda anapanga ndi mwaye wa kutsindwi, wosakaniza ndi kaphala kopyapyala ka chinangwa. Madzi ndi phiri zinali ndi thabwa lake lachiwiri, limene ankapaka buluu wochapira nsalu wa kusitolo. Mapepala ena tinapempha kwa aphunzitsi, ena anali okulungira shuga. Pokhula ankagwiritsa nkhulungo ya malemu akazi awo, mwala wosalala uja amakulungizira miphika. Akamagwira ntchitoyi ankatchula munthu wa ku Japani uja kuti mnzanga. Mzere ukawavuta ankatsegula nsungwi nkunena kuti tiyeni tione mnzanga anapinda bwanji pamenepa. Ankati m'dziko lonse ndiye yekha amene angamvetse chimene akuchita, ndipo nzachisoni kuti sadzakumana kuti amufunse mayi wa pakhomoyo akudikira ndani.

Tsiku lodinda koyamba anthu anadzaza pakhonde, pakuti m'mawa mwake amuna asanu ndi anayi ankanyamuka wa ku Walale. A Kaphale anapaka, anasanjika pepala, anakhula, nkulisenda pang'onopang'ono kuyambira pangodya. Akazi anagwira pakamwa. Unalidi mtsinje, madzi akuoneka kuyenda. Pepala linayenda m'manja mwa anthu mpaka kufika kwa mayi wina wokalamba amene watunga pa dookolo moyo wake wonse. Analiyang'ana nkunena kuti, "Nanga mkuyu wasamuka liti kupita kumanzere?"

Zinali zoona. Papepala zonse zinatembenuka. Mkuyu kumanzere, mwala kumanja, phiri kumbali imene kulibe phiri. Thabwa limachita ngati munthu woyang'anizana nawe, amene dzanja lake lamanja lili kumanzere kwako. Mmwenye wa ku Tete sananene zimenezo. Mwina iyenso sankadziwa.

A Kaphale anayang'ana thabwa, nkuyang'ana pepala, nthawi yaitali. Anati, "Mapepala otere sapita."

Apa ndi pamene ndinalowerera ine. Ndinati, "Alamu, zilimwe ziwiri mwathera pa thabwa ili, ndiye musemenso zina ziwiri chifukwa cha mtengo umodzi? Maso anu ayamba kale kuchita nkhungu. Mtsinje ndi mtsinje. Ndani amasamala za manja ndi manzere ataona mayi ake?"

Anati, "Iye adzaona."

Ndinati, "Mwanayo ndi wanga, ndikumudziwa. Munthu amene ankaiwala mbuzi kuthengo, angakumbukire kumene mkuyu waima? Dindani, anthuwa akunyamuka mawa."

Ndinalankhula mokweza, ndipo anthu anavomereza, monga amachitira munthu akakweza mawu. A Kaphale anadinda. M'mawa amuna asanu ndi anayi anawoloka, aliyense ndi pepala m'mtolo. Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa pa dooko kulowera kum'mwera ankapatsidwa lake, wa m'mudzi muno ndi wochokera kutali yemwe. Ankangowauza kuti, muzikaonetsa, ndipo amene adzati ndi kwathu, mukamuuze kuti bambo ake alipo. Dzina la mtsinje sankatchula. Ankati wodziwa adzadziwa yekha.

Akamva kuti kwabwera munthu wochokera ku Walale, ngakhale ku mudzi wa ulendo wa tsiku lathunthu, ankatenga ndodo nkupita. Sankafunsa zambiri. Ankangoti, "Pepala lija?" Ena analitaya. Ena linawanyowera powoloka Zambezi. Wina anavomera poyera kuti anapichirira fodya. Iwo ankangogwedeza mutu nkubwerera kudzapala mwaye wina kutsindwi.

Patapita mvula zitatu kunabwera munthu wina dzina lake Zefaniya, wa ku Vubwi, amene anadutsa kuno kamodzi kokha popita. Anawoloka masana, bokosi lachitsulo lili pamutu. Atafika tsidya lino analitula nkutembenuka kuti atsuke miyendo. Akazi a pa dooko amati anangoima choncho, mwendo umodzi uli m'madzi, akuyang'ana mkuyu ndi mwala, mkuyu ndi mwala. Kenaka anafunsa kumene kumakhala mkulu wa mapepala. Anamubweretsa ku chipala, poti a Kaphale anali pamenepo akunola timipeni tawo pa nsangalabwi yanga, imene ankainyoza tsiku lililonse.

Zefaniya anakana mpando. Anatulutsa pepala lija, litada m'mapindiro. Anati pa famu ina ya fodya, Lamulungu masana, pamene anthu a kuno amasonkhana kumetana, analionetsa monga anauzidwira. Ambiri anangoyamikira. Koma munthu wina wotchedwa Jimu, wa chipsera pa nsidze, analigwira ndi manja awiri nkukhala nalo pansi. Analiyang'ana mpaka anzake onse anamalizidwa kumetedwa. Chala chachikulu chinali pa mkazi wochapa uja. Kenaka analibweza. Anati, "Pafanana ndi kwathu, koma si kwathu. Kwathu mkuyu uli kumanja, mwala kumanzere. Apa mpa eni ake ena." Zefaniya atamufunsa kuti kwanuko nkuti, anangoti kutali. Sabata yotsatira Jimu uja ntchito yake inatha, anapita ku migodi, sananene kuti iti.

Ndinafunsa za mpeni. Zefaniya anati anali nawo, wotha kale ndi kunola, ankadulira fodya. Patsinde panali timizere titatu.

Ndinamukalipira Zefaniya mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinati, "Chitsiru iwe, pakamwa unasiya ku Vubwi? Bwanji sunamuuze kuti pepalalo unalitenga pa Kapoche?" Anati, "Pepani akulu. Mwini wake atanena kuti si kwawo, ine ndikanatsutsa bwanji? Dookoli ndinaliona kamodzi, m'mawa, nkhungu ili phaa." Ndinapitiriza kukuwa, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikasiya, a Kaphale alankhula.

Nditatopa, anamufunsa Zefaniya motsitsa, "Anati mkuyu uli kuti?"

"Kumanja."

"Mwala?"

"Kumanzere. Anatinso phiri lili kuseri kwa mwala, osati uku."

A Kaphale anamwetulira. Chifereni mlongo wanga ndinali ndisanaonenso mano awo. Anati, "Mwamva, alamu? Zaka zonsezi, sanasunthe ngakhale mwala umodzi." Anasonkhanitsa timipeni tawo. Atafika pa chitsa cha pakhomo anacheuka nkunena kuti, "Paja munati amaiwala mbuzi." Mawu awo anali omwewo. Sanabwerezenso mpaka kufa. Kukanakhala bwino akanandigenda ndi nsompho.

Zefaniya anagona m'mudzi. M'mawa anatsikira kumtsinje kukameta ndevu, nkuyedzeka kalilole wake pa chitsa, iye atafulatira madzi. A Kaphale, amene ankafika pa dooko dzuwa lisanatenthe, anaima kumbuyo kwake. M'kalilolemo anaona mkuyu uli kumanzere, mwala kumanja, monga pa pepala lawo lolakwika. Anaona kuti akasema zimene kalilole akuonetsa, thabwa lidzazitembenuzanso nkuzibweza m'malo mwake. Anapempha kaliloleyo. Zefaniya anafuna kungowapatsa, poti mtima unkamuwawa. Iwo anakana, anapita kukhola, nkudzamangirira mbuzi ku chogwirira cha bokosi lake. Munthuyo anapita ku Vubwi akukoka mbuzi imene sankaifuna.

Madzulo a tsikulo ndinawapeza ataika pepala la ku Japani patsogolo pa kalilole. Anati, "Bwerani muone thabwa la mnzanga. Iye ankasema chonchi." Kenaka anati akudabwa ngati nayenso analakwa koyamba, ndiponso ngati anali ndi mlamu.

Apo ndi pamene anayamba kufulatira mtsinje. Thabwa latsopanolo linatenga zilimwe zitatu, pakuti maso anali atayamba kuyera. Chaka chomaliza mizere ankaipeza ndi nsonga ya chala. Ndinawasulira timipeni tina tatsopano, ndipo iti sanandibwezere ngakhale kamodzi. Zimenezo zinandiwawa kuposa kale lija. Ana ankawaseka, alendo ankafunsa ngati analodzedwa, ngakhale aphunzitsi anabwera kudzawauza kuti kudikira kwina nkusakhulupirira. Iwo anawayankha m'kalilole kuti asunthe pang'ono, akuphimba phiri.

Tsiku lodinda thabwa latsopanolo kunalibe khamu. Mayi wokalamba uja anali atamwalira. Tinali awiri. Anasenda pepala nkundipatsa osaliyang'ana. Anati, "Onani manja ndi manzere, alamu. Ine sindikuonanso bwino." Ndinapita nalo kudooko, nkuima pamene amaima munthu wochokera kumudzi. Mkuyu kumanja. Mwala kumanzere. Phiri kuseri kwa mwala. Ndinakuwa kuchokera komweko kuti zakhala, ndipo anamva ali pakhonde.

Koma nthawi inali itasintha. Msewu wa magalimoto utalambulidwa kumtunda, amuna ambiri anasiya kuwolokera pa dooko lathu. A Kaphale anayamba kuyenda ulendo wa theka la tsiku kupita kumsewuko, mapepala ali m'nsungwi, kukapatsa anthu odikira lole. Tsopano ankanena zonse: mtsinjewu ndi Kapoche, munthuyo ndi Yotamu kapena Jimu, ali ndi chipsera pa nsidze, bambo ake ndi Kaphale. Awa ndiwo mawu ambiri amene ndinawamva akulankhula pa mpweya umodzi. Ena ankalandira mwaulemu. Ena ankalandira akuseka. Ankabwerera madzulo, miyendo itatupa, ndipo m'mawa ankapezeka pa mwala pawo, ngakhale panalibenso chosema.

Anadinda choncho mvula ziwiri. Yachitatu chifuwa chinawagoneka. Anamwalira masana, mvula ikuwaza. M'mawa wa tsiku lomwelo anali atandiitana nkundipatsa matabwa onse ndi nkhulungo. Ndinati lolakwika lija ndikasonkhera pa chipala. Anati ayi, limenelo ndilo linabala pepala limene mwana anagwira. Pepalalo, lija anabweza Zefaniya, tinawaika nalo pachifuwa monga anapempha. Nsungwi ya pepala la ku Japani anati ndisunge, ndidzamuonetse Yotamu kuti adziwe chimene chinabweza bambo ake ku Tete.

Yotamu sanabwere. Ine ndikudindabe. Dzanja langa linazolowera nyundo, moti mwa mapepala atatu limodzi limang'ambika, ndipo buluu amatayikira kunja kwa mtsinje. Koma mkuyu umakhala kumanja. Ndimapita nawo kumsewu mwezi ukaoneka, ndipo pamenepa mawu angawa apeza ntchito, chifukwa lole ngakhale ilire bwanji, dzina la Kapoche amalimva.

Mwala wawo uli pompo, mapazi khumi kuchokera m'madzi. Pamwamba pake pasalala ngati nkhulungo. Pansi pali timaenje tiwiri pamene zidendene zinkaponda, ndipo mvula ikagwa timasunga madzi. Tizidutswa ta mlombwa timene tinkafiiritsa mchenga pozungulira tinapita ndi madzi osefukira. Chitsa chayamba kudyedwa ndi chiswe, koma kamng'alu kamene anasema koimikamo kalilole kakuonekabe. Akazi satulapo mitsuko pa mwalapo, ngakhale palibe amene anawaletsa.

Dzulo ndinatenga kaliloleyo nkukamuimika m'kamng'alu kake. Ndinakhala pa mwalapo, msana kumtsinje, zidendene m'timaenje. Ndinkayesa kuti ndiona mkuyu pakati, kapena mwala wochapira. Ayi, zimenezo zili m'mphepete, moti umachita kupendeka khosi kuti uzione. Chimene chili pakati penipeni pa kalilole ndi njira ya kutsidya, pamene imatulukira mu udzu kutsikira kumadzi. Ndinakhala mpaka mthunzi wa mkuyu unandifika pamsana. Udzu wayamba kuitseka njirayo. Mawa ndiwoloka ndi chikwakwa.